Gulu la Banja Lathu: za chotupa cha pakhosi pa Amayi

Chisamba: Mwaswera bwanji nonse? Tabwerako ku chipatala cha Mzuzu Central ndi Amayi. Sikani yaonetsa kuti chotupa chija chili m'chithokomiro (kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi), mbali ya kumanja, kukula kwake masentimita 2. Magazi ati ali bwino. Atiuza tibwerenso Lachinayi m'mawa, akatengeko pang'ono ndi singano kuti akapime.

Malume a ku Zolozolo: Singano pakhosi? Ana inu, mtima wanga sukukhazikika. Ife tinakula tikumva kuti chotupa ukachibaya chimalusa n'kufalikira thupi lonse. Mchemwali wanga wakhala nacho zaka, bwanji osangochisiya?

Chisamba: Malume, chakula. Dzulo pomeza nsima ndinaona chikukwera n'kutsika. Ndipo masiku ano amavala mpango m'khosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kubisa.

Mlamu Namwino: Pepani, ndinali pa ntchito. Malume, mantha anuwo ndawamva kwa odwala ambiri, ndiye ndiloleni ndifotokoze. Si opaleshoni ayi, sang'amba paliponse. Singano yake ndi yowonda kuposa yomwe timatengera magazi pamkono. Amayi adzagona chagada, pilo kunsi kwa mapewa kuti khosi litambasuke. Adokotala amapukuta khungu, n'kulowetsa singano m'chotupamo, nthawi zambiri akuyang'ana pa sikani kuti asaphonye. Amabaya kawiri kapena katatu, timaselo tomwe tatuluka n'kutipaka pa kagalasi koti akaunike pa maikulosikopu. Zonse sizipitirira mphindi 30, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo ndi kapulasitala basi. Zoti singano imafalitsa matenda n'zosowa kwambiri, moti madokotala saziyesa chifukwa cholekera kupima. Choopsa n'kukhala osadziwa chomwe chili m'katimo.

Azakhali a ku Ekwendeni: Ndiye kuti akuganizira khansa?

Mlamu Namwino: Ayi azakhali, akufuna kutsimikiza. Pa zotupa 10 za m'chithokomiro, pafupifupi 9 sizikhala khansa. Koma diso kapena dzanja silingasiyanitse, n'chifukwa chake amatenga maselo. Ndinene izi msanga kuti tisadzadzidzimuke: zotsatira amaziika m'magulu 6, ndondomeko yake imatchedwa Bethesda. Gulu loyamba limangotanthauza kuti maselo anachepa, ndiye amabwereza. Akadzatiitananso, pasadzakhale wolira maliro.

Chitsirizira: Akapite osadya?

Mlamu Namwino: Nthawi zambiri kudya saletsa, amwe phala lawo, pokhapokha ngati adokotala ananena zina. Chachikulu ndi mankhwala. Kodi aspirin uja akumwabe?

Chisamba: Eya, pamodzi ndi a BP.

Mlamu Namwino: Muwauze adokotala asanabaye, poti amachedwetsa magazi kuundana. Amayi asasiye okha kumwa. Mutenge mapaketi onse ndi buku la kuchipatala. Nthawi yobaya asalankhule, asameze malovu, asatsokomole. Mukabwerako pangapweteke pang'ono tsiku limodzi kapena awiri, panado akwanira. Koma khosi likatupa mofulumira kapena akamabanika, thamangirani kuchipatala, usiku kapena masana.

Azakhali a ku Ekwendeni: Kusalankhulako muwauze bwinobwino, mlamu wanga akachita mantha amapemphera mokweza. Ine ndifika Lachitatu madzulo, ndigona nawo kuchipinda, tipempherere limodzi usikuwo.

Malume a ku Zolozolo: Chabwino, ndamva apongozi. Koma ndikhale nawo pomwepo, ndiwaone akutuluka ndi maso angawa.

Achimwene a ku Joni: Ndatsatira zonse. Asakwere kabaza chonde, kuzizira kwa Mzuzu m'mawa ndimakudziwa. Pezani takisi kuchoka ku Chibavi, ya kupita ndi kubwera ndalipira ine. Achemwali, nditumize pa Mpamba kapena Airtel Money?

Chisamba: Airtel Money, nambala yomwe ija. Zikomo achimwene. Enafe tisonkhe K10,000 aliyense ikhale pambali, mwina pangafunike zina podikira zotsatira. Ati zimatenga masabata, atiuza tsiku lenileni Lachinayilo.

Chitsirizira: Yanga ilowa mawa. Ndiphika ndine tsikulo, ndipo ana ndiwatenga kusukulu.

Malume a ku Zolozolo: Mwiniwake mwamuuza zonsezi? Tisamakonze za khosi lake iye asakudziwa.

Chisamba: Ali pompano pamkeka, ndikuwawerengera uthenga uliwonse. Afunsa ngati kwaya adzayimbe Lamulungu.

Mlamu Namwino: Auzeni adzayimba. Avale bulauzi yotsegula pakhosi, mkanda ausiye kunyumba. Takisi ifike 6 koloko, mzere umayamba molawirira.