Bolodi yoyendetsa kandege kojambula madimba: tigule APM kapena Pixhawk?

Mphunzitsi wa ku Bangula:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munapangapo tindege touluka popanda munthu mkati. Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Bangula, ndipo ine ndi ophunzira anga tikufuna kupanga kandege ka mapiko koti kazijambula madimba a m'mbali mwa Shire madzi akaphwa, kuti tiziona pamene mtsinje wadya gombe ndi pamene waunjika mchenga. Chichokereni kusefukira kwa madzi kwa mu 2015, kudzanso namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, malire a minda yambiri sakudziwikanso bwino. Mota, batire ndi wailesi yoyendetsera tili nazo kale. Chatsala ndi bolodi yomwe imagwira ndege kuti isapendekeke, n'kuitsogolera m'njira yomwe tailemba pa kompyuta. Pa intaneti ndikuona APM 2.8 yotchipa zedi, pamene Pixhawk ndi yokwererako mtengo. Popeza akuti zonse zimayendera pulogalamu ya ArduPilot, kodi tingalakwitse titagula yotchipayo?

Wamagetsi wa ku Nchalo:

Aphunzitsi, APM ija isiyeni, ngakhale mtengo wake ukukopa. N'zoona kuti ArduPilot inabadwira pa mabolodi a mtundu umenewo, ndipo dzina lake likuchokera ku Arduino, timabolodi tophunzirira zamagetsi, koma ubongo wa APM ndi kachipangizo ka ATmega2560, ka mabiti 8, kothamanga pa 16 MHz, kokhala ndi RAM (malo osungiramo zomwe kakuwerengera) ya 8 KB yokha. Pulogalamuyo itakula inasiya kukwanamo, ndipo papita zaka zambiri olemba ake atasiya kutulutsa zatsopano za bolodi imeneyo. Zomwe mukuona pa intaneti ndi zokopera, zoyendera pulogalamu yakale yomwe palibe amene akuikonza.

Pixhawk yoyamba, yomwe inatuluka mu 2013 kuchokera ku ntchito ya PX4 ya pa yunivesite ya ETH Zurich mogwirizana ndi kampani ya 3D Robotics, ili ndi kachipangizo ka STM32F427, ka mabiti 32, kothamanga pa 168 MHz. Liwiro limenelo si lodzitamira nalo chabe. Bolodi imamva kupendekeka kwa ndege kudzera mu tizipangizo tomva kutembenuka ndi kusuntha, gyroscope ndi accelerometer, imadziwa kutalika kwake poyeza mphamvu ya mpweya, komwe yaloza imafunsa kampasi, ndipo pamene ili imafunsa GPS. Chilichonse mwa zimenezi chimanama pang'ono mwa njira yakeyake, choncho pamafunika masamu olemera oti aziyerekeza zonse kambirimbiri pa sekondi imodzi n'kusankha chokhulupirira. Masamu amenewo APM singawanyamule.

Ngati ndalama ndi yochepa, onani mabolodi a Matek opangira ndege za mapiko, monga F405-Wing, omwe ali ndi magetsi a maservo (timamota towongolera mapiko ndi mchira) ndi choyezera batire pa bolodi yomweyo. Dziwani chabe kuti F405 ili ndi malo osungiramo pulogalamu a 1 MB, ndiye zina za ArduPilot zinachotsedwamo, pamene mabolodi a H743 ali ndi 2 MB.

Wojambula mapu ku Nsanje:

Ndikuvomereza zomwe anena achimwene a ku Nchalo, koma kuno ku chigwa chomwe chimagwetsa ndege kawirikawiri si bolodi ayi, ndi kutentha ndi batire. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mkati mwa kandege kosiyidwa padzuwa kumaposa pamenepo. Batire ya LiPo, mtundu womwe tindege timeneti timayendera, ikatenthedwa imafufuma ngati mandasi, ndipo yofufuma ikhoza kuyaka moto. Selo iliyonse imadzaza pa 4.2 V, koma poisunga muziisiya pa 3.8 V, pamthunzi, kutali ndi denga la malata. Muziulutsa m'mamawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana mpweya wotentha umakwera mwamphamvu ndipo akavuluvulu amayamba kuzungulira m'minda. Kachipangizo koyezera mpweya ka pa bolodi mukaphimbe ndi kasiponji, popeza kuwala ndi mphepo zimakasokoneza, ndege n'kumaganiza kuti yakwera pamene sinakwere.

Chachiwiri ndi malire a dziko. Kumunsi kwa Chiromo, tsidya la Shire ndi Mozambique, ndipo kandege kothamanga mamita 15 pa sekondi sikachedwa kuoloka mtsinje. ArduPilot imalola kulemba mpanda pa mapu mu Mission Planner, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera njira ya ndege, woti ndege ikaufika izibwerera yokha. Mpanda umenewo muulembe ndege isanauluke ulendo woyamba. Muikenso kuti wailesi ikaduka kapena batire ikatsika, ndege ilowe mu RTL, kutanthauza kubwerera yokha pomwe inanyamukira, koma mudziwe kuti ya mapiko ikafika pomwe inanyamukira simatera yokha pokhapokha mutaikonzera njira yoterera. Imangozungulira pamwamba kudikira woigwira, ndiye batire iyenera kukhala ndi yotsala.

Musanayambe, lemberani akuluakulu oona za maulendo a pandege kuti akuuzeni za chilolezo, ndipo mukaonane ndi amfumu a dera lomwe mudzajambule. Anthu amene anataya malo ndi madzi akaona chinthu chikuzungulira pamwamba pa dimba lawo, amayamba kuganiza kuti kukubwera olanda malo.

Mnyamata wa ku Ngabu:

Akuluakulu, ine ndikuona ngati ArduPilot iwalemera ana a sukulu, chifukwa zoti munthu asinthe zilimo mazanamazana. Pulogalamu ya INAV, yomwe inaphukira ku ina yotchedwa Cleanflight, nayonso ndi yaulere, imayenda pa bolodi ya Matek yomweyo, imadziwa kubwerera kwawo ndi kutsata mfundo za pa mapu, ndipo kuikonza sikutenga nthawi.

Wamagetsi wa ku Nchalo:

Achimwene a ku Ngabu, pa kuuluka kosangalala mukunena zoona, koma aphunzitsiwa akufuna mapu. Mu Mission Planner munthu amangozunguliza dimba pa sikirini, pulogalamu n'kulemba yokha mizere yobwerezabwereza, kuwerenga mtunda woti kamera izijambula, ndi kuonetsetsa kuti chithunzi chilichonse chikuphimba chinzake ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, zomwe pulogalamu ya OpenDroneMap imafuna kuti ilumikize zithunzizo kukhala mapu amodzi. Mulinso ndege yoyeserera ya pa kompyuta, choncho ophunzira akhoza kugwetsa ndege kangapo m'kalasi osathyola phiko. Pa ulendo woyamba weniweni musathamangire AUTO, momwe ndege imatsata yokha njira yolembedwa. Yambani ndi FBWA, momwe munthu amayendetsa koma bolodi ikuletsa kupendekeka kopyola muyezo, kenaka AUTOTUNE, momwe bolodi imadzikonza yokha kuti igwirizane ndi ndegeyo, ndipo RTL muiyese ndege ili pafupi, mukuiona ndi maso.

Mphunzitsi wa ku Bangula:

Zikomo kwambiri nonse. APM taisiya, ndipo tiyamba ndi ndege ya pa kompyuta uku tikusonkha ndalama ya bolodi ya H743. Funso lomwe latsala ndi la zithunzi: madimba ambiri akhudzana ndi dambo la Elephant Marsh, komwe kuli madzi ndi bango lokhalokha. Kodi OpenDroneMap imatha kulumikiza zithunzi za malo ofanana chotere, kapena tiyenera kuyala zizindikiro pansi tisanaulutse?