Cadmium kwa makoswe a bere: kodi imafikadi mu ubongo wa tiana?

Wophunzira_Parktown:
Abale anzanga a sayansi muno mu Johannesburg, ndikukonza kafukufuku wa masters. Ndikufuna kumwetsa makoswe a bere cadmium chloride (mchere wa cadmium, chitsulo cha poizoni) m'madzi, kenako ndidzaone ubongo wa tiana take. Koma akuti nsengwa imatchinga cadmium. Nanga ikapanda kupezeka mu ubongo, ntchito yonseyo yapita pachabe?

Wa_Labu:
Ayi achimwene. Nsengwa imaigwiradi, chifukwa ili ndi puloteni ya metallothionein yomwe imamanga cadmium, ndipo yodutsa imakhala yochepa kwambiri. Koma vuto lagona pomwepo: cadmium ikadzazana mu nsengwa, zinc wopita kwa mwana amachepa, ndipo ubongo sungakule bwino popanda zinc. Ndiye musayeze cadmium yokha. Yezani zinc, iron ndi copper, mu nsengwa, m'chiwindi cha mwana ndi mu ubongo. Impso za make musaiwale, ndi komwe imaunjikana.

Poyeza ndi ICP-MS (makina oyezera zitsulo zochepa kwambiri), machubu ayambe aviikidwa mu nitric acid. Milingo ya mu ubongo ndi yaying'ono moti kafumbi kokha kakhoza kukunamizani. Magazi otsalira m'mitsempha nawo amakweza nambala, choncho muwatsuke ndi saline (madzi a mchere) musanachotse ubongo.

Achemwali_Braamfontein:
Ine nkhawa yanga ndi nthawi. Bere la khoswe ndi masiku 21 mpaka 23, ndipo ubongo wa mwana umakula mofulumira atabadwa kale, cha m'ma tsiku 7 mpaka 10. Make akapitiriza kumwa cadmium akuyamwitsa, simungadziwe ngati chawononga ndi bere kapena nthawi yoyamwa. Tiana tikangobadwa, perekani tianato kwa khoswe wina woyamwitsa amene sanamweko cadmium.

Pa tsiku 4 siyani tiana 8 kwa khoswe aliyense, tamphongo 4 ndi tatikazi 4. Ndipo chonde, powerengera, tiana ta khoswe mmodzi ndi chitsanzo chimodzi, osati 8. Ambiri amagwera pamenepa.

Wa_Labu:
Zoona achemwali. Chinanso ndi mlingo. Mu cadmium chloride wopanda madzi m'kati mwake (anhydrous), cadmium weniweni ndi 61% yokha. Mu wa hemipentahydrate, wokhala ndi madzi m'kati mwake, ndi 49%. Werengani pabotolo musanapime. Madzi akachuluka cadmium makoswe amanyansidwa nawo, amamwa pang'ono, kudya nako kumachepa, tiana nkubadwa tonyentchera chifukwa cha njala ya make basi. Yezani botolo la madzi tsiku lililonse pa sikelo. Jakisoni wamkulu wa cadmium kumapeto kwa bere ndiye sindimulimbikitsa, amapha nsengwa ndipo tiana timafera m'mimba.

Wophunzira_Parktown:
Zikomo kwambiri. Nanga tiana tikabadwa ndiyambe kuona chiyani?

Achemwali_Braamfontein:
Kulemera kwake, ndi nthawi imene kamwana kamatenga kuti kadzitembenuze mukakagoneka chagada. Maso amatseguka cha m'ma tsiku 14 kapena 15. Morris water maze (mayeso a kukumbukira, osambitsa makoswe m'thanki ya madzi) idikire titasiya kuyamwa pa tsiku 21. Koma musagule khoswe ngakhale mmodzi komiti ya ethics isanavomereze, motsatira SANS 10386, ndondomeko ya ku South Africa ya kasamalidwe ka nyama za kafukufuku.