Kanyumba ka amayi kuseri: ndigule mabuloko kapena tiumbe tokha?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Amayi akula, mawondo akuwavuta, ndiye ndikufuna ndiwamangire kanyumba kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25, ku Lilongwe kuno. Chipinda chimodzi, pabalaza pang'ono, bafa ndi chimbudzi mkati momwemo, popanda masitepe.

Mmisiri akuti tigule mabuloko a simenti chifukwa khoma limakwera msanga. Koma amene ndinawaona m'mbali mwa msewu, nditangokanda ndi chikhadabo mchenga unayoyoka. Abwino mumawazindikira bwanji? Kapena ndigule simenti ndi mchenga tiumbe tokha pakhomo? Thumba limodzi lizitulutsa mabuloko angati kuti akhale olimba?

Nanga malata, geji 28 ikwana? Kukhonsolonso amafuna pulani ngakhale kanyumba kakang'ono chonchi? Ndikufunitsitsa alowemo mvula isanagwe.