Ulendo wa chikwama kumsana ku Peru: ndiyambire ku Cusco kapena ku Arequipa?

Wapaulendo_Joni analemba:

Moni kwa nonse. Ndikukonzekera ulendo wa ku Peru m'mwezi wa Juni, ndipo ndidzayenda ndekha ndi chikwama chakumsana, kugona m'malo ogona alendo otsika mtengo komanso kukwera mabasi amene eni dziko amakwera. Ndidzanyamukira ku Johannesburg, kumene ndimagwira ntchito, kudzera ku São Paulo mpaka ku Lima, ndipo tchuthi changa ndi cha pafupifupi milungu itatu. Maganizo anga ndi oti ndikangofika ku Lima ndikwere ndege ya ku Cusco m'mawa mwake, kuti ndione Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa mtundu wa Ainka, ndidakali ndi mphamvu ndiponso ndalama, kenako ndilowere ku Puno ndi ku Arequipa. Sindikufuna kumangozungulira m'mizinda. Ndikulakalaka kuyenda wapansi m'midzi ya kumapiri, kuona minda, misika ndi mmene anthu amakhalira. Kodi inu amene munafikako mukuliona bwanji dongosolo limeneli?

Namwino_wa_ku_Leeds anayankha:

Achimwene, dongosolo lanu litembenuzeni, ndipo chifukwa chake ndi kutalika kwa malo. Lima ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene Cusco ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, choncho ndege ya ola limodzi ndi theka idzakusiyani pamalo okwera kuposa paliponse m'dziko lathu, thupi lisanakonzekere ngakhale pang'ono. Kumtunda koteroko mpweya ndi wopepuka, munthu akapuma amalandira okosijeni wochepa, ndipo ambiri amadwala matenda amene eni ake amawatcha soroche: mutu kupweteka, nseru, kusowa tulo ndi kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe ochepa chabe. Matendawa saona kuti uyu ndi mnyamata kapena amathamanga m'mawa uliwonse.

Yambirani ku Arequipa, mzinda wa pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, mukhaleko masiku awiri kapena atatu musanakwere kwina. Pamasiku oyamba mwani madzi ambiri, idyani mopepuka ndipo mowa muupewe. Musananyamuke mukaonane ndi dokotala za mankhwala a acetazolamide, omwe amathandiza thupi kuzolowera msanga. Mutu ukapitirira kupweteka, munthu n'kuyamba kudzandira kapena kubanika ali chikhalire, chofunika ndi kutsikira kumalo otsika nthawi yomweyo ndi kupeza chithandizo cha kuchipatala. Tiyi wa masamba a coca adzakupatsani paliponse ndipo ndi wololedwa ku Peru, koma masambawo musawaike m'chikwama pobwerera, chifukwa m'maiko ambiri ndi oletsedwa.

Wokonda_mapiri anayankha:

Ndikugwirizana ndi mayi amene alemba pamwambapa, ndipo ndionjezepo za kumidzi, popeza ndiko mtima wanu uli. Basi yochokera ku Lima kupita ku Arequipa imatenga maola pafupifupi 16, ndipo yoyenda usiku imakupulumutsirani ndalama ya malo ogona. Mzinda wa Arequipa unamangidwa ndi mwala woyera wochokera kumapiri ophulika, wotchedwa sillar, phiri la Misti lili poteropo, ndipo nyumba ya masisitere ya Santa Catalina, yomwe inakhazikitsidwa mu 1579, ndi yaikulu moti ili ndi timisewu take mkati.

Kuchokera kumeneko pitani ku chigwa cha Colca. Dziwani kuti msewu wa ku Chivay, tauni ya m'chigwamo, umadutsa pamalo okwera mamita pafupifupi 4,900, kotero musaupite tsiku lomwe mwafika ku Arequipa. Alendo ambiri amangoima pa Cruz del Cóndor kuti aone mbalame zikuluzikulu za condor zikuuluka m'mawa, n'kubwerera tsiku lomwelo, zimene kwa ine ndi kutaya ulendo. Gonani ku Cabanaconde, mutsikire wapansi ku Sangalle, pansi pa chigwa, ndipo muyendere timidzi ta tsidya linalo. Kutsikako ndi kwa mamita oposa 1,000, ndipo pokwera anthu amalawirira kusanache pothawa dzuwa. M'chigwamo mudzaona minda yosemedwa m'mbali mwa mapiri ngati masitepe, ina yakale kuposa ufumu wa Ainka, ndipo mpaka lero akulimamo chimanga, mbatatesi ndi quinoa.

Mukachoka kumeneko thupi lidzakhala litakonzekera Puno, wa pamtunda wa mamita oposa 3,800 m'mbali mwa nyanja ya Titicaca. Zilumba zoyandama za Uros, zomangidwa ndi udzu wa m'madzi wa totora, ndi zodabwitsa, koma zinasanduka za malonda kwambiri. Ine ndingasankhe kukagona kwa banja lina pachilumba cha Amantaní, kumene mlendo amadya chimene eni nyumba aphika. Juni ndi nyengo yopanda mvula, monga kwathu, koma usiku ku Puno kumazizira mpaka madzi kuuma, ndiye juzi yokhuthala, chipewa ndi magolovesi musazisiye. Kuchoka ku Puno kupita ku Cusco ndi maola pafupifupi 7 pa basi.

Mphunzitsi_wopuma anayankha:

Bambo, uphungu umene mwalandira ndi wabwino, koma njira ya ku Arequipa si yokhayo. Ngati mtima wanu uli pa Cusco, mungathe kutera kumeneko n'kutsikira tsiku lomwelo ku chigwa cha mtsinje wa Urubamba, n'kugona ku Ollantaytambo, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,800. Ambiri sadziwa kuti Machu Picchu, pa mamita pafupifupi 2,430, ndi malo otsika kuposa Cusco, choncho munthu angathe kuyambira kumeneko n'kumakwera pang'onopang'ono.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mwezi umene mwasankha. Pa 24 Juni ku Cusco kumachitika chikondwerero cha Inti Raymi, mzinda umadzaza ndipo mitengo ya malo ogona imakwera. Njira yotchuka ya Inca Trail, yoyenda wapansi kukafika ku Machu Picchu, imalola anthu 500 okha kuyamba ulendo patsiku, kuphatikizapo otsogolera ndi onyamula katundu, siiyendedwa popanda kampani yovomerezeka, ndipo zilolezo za miyezi imeneyi zimatha kudakali miyezi ingapo. Amene zawaphonya amadzera njira ya Salkantay, yomwe imakwera mpaka mamita pafupifupi 4,600, ndipo imeneyi ndi yoyenda kumapeto kwa ulendo, thupi litazolowera. A thumba lopepuka amakwera galimoto mpaka pa Hidroeléctrica, n'kuyenda wapansi makilomita pafupifupi 10 m'mbali mwa njanji kukafika ku Aguas Calientes, tauni ya m'munsi mwa Machu Picchu, m'malo molipira sitima yomwe ndi yodula. Njira iliyonse imene mungasankhe, tikiti yolowera ku Machu Picchu muiguliretu, pakuti imalembedwa tsiku, ola ndi dzina la pa pasipoti yanu.

Midzi ya m'chigwa cha Urubamba imafikika mosavuta ndi maminibasi otchedwa colectivo, amene amanyamuka akadzaza. Pitani ku Chinchero mukaone amayi oluka nsalu, ku Maras kumene mabanja amakolola mchere m'timaiwe tambirimbiri ta m'mbali mwa phiri, ndi ku msika wa Pisac. Kumidzi ambiri amayankhula Chiquechua, Chingerezi sichikufikitsani patali, choncho phunzirani moni ndi manambala m'Chisipanishi, ndipo muzipempha kaye musanajambule munthu.

Wapaulendo_Joni anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha kuyambira ku Arequipa ndi Colca, kenako Puno, n'kumalizira ku Cusco kumayambiriro kwa Julayi, chikondwerero chitadutsa. Funso langa lotsala ndi la chakudya ndi ndalama kumidziko, komanso ngati ndi chanzeru kubwerera ku Lima pa basi.

Wokonda_mapiri anayankhanso:

Masana funsani menú, chakudya cha mtengo umodzi chokhala ndi supu, mbale yaikulu ndi chakumwa, chomwe chimapezeka m'misika ndi m'malesitilanti ang'onoang'ono. Ndalama yawo ndi sol. Tapani yokwanira mumzinda musanalowe kumidzi, ndipo musunge yaing'onoing'ono, chifukwa ogulitsa ambiri sakhala ndi chenji cha ndalama yaikulu yapepala. Basi yochokera ku Cusco kupita ku Lima imatenga maola oposa 20 pamsewu wokhotakhota wodzera ku Abancay, ndiye pamenepa ndege ndiyo yabwino, popeza potsika sipakhala vuto la soroche. Mufike ku Lima kutatsala tsiku lathunthu kuti ndege yanu ya ku São Paulo inyamuke, chifukwa zionetsero zikabuka misewu ndi njanji za kummwera zimatsekedwa, monga zinachitikira mu Januwale 2023 pamene ngakhale Machu Picchu anatsekedwa kwa alendo.