Thandizo pa kafukufuku wa boma la pa intaneti ku Estonia

Akuluakulu, ndithandizeniko maganizo. Ndikulemba pepala la digiri yachiwiri lokhudza momwe boma la Estonia limatumikirira anthu kudzera pa intaneti, koma apa mutu waima.

Zomwe ndapeza ndi zoyamikira zokhazokha: X-Road, njira yolumikizira makompyuta a maofesi a boma yomwe inayamba mu 2001, kuvota pa intaneti kuyambira 2005, komanso mfundo yoti boma lisamafunse nzika chinthu chimodzi kawiri. Zabwino ndithu, koma aphunzitsi anga andibwezera pepalalo atalemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti, "Nanga zovuta zili kuti?" Sanalakwe ayi.

Chovuta chomwe ndapeza mpaka pano ndi chimodzi basi. Mu 2017 ofufuza a pa Masaryk University ku Brno, m'dziko la Czech Republic, anatulukira vuto la chitetezo m'tizipangizo ta kampani ya Infineon tomwe tinali m'ziphaso, ndipo ziphaso za anthu a ku Estonia pafupifupi 760,000 zinakhudzidwa. Ndikufuna zina zotere, makamaka zokhudza okalamba ndi anthu akumudzi. Alipo amene anawerengapo zolemba za ofufuza a m'mayunivesite a ku Estonia a Tartu kapena TalTech pa nkhaniyi? Chonde zikhale zaulere, poti magazini ambiri a kafukufuku amalipiritsa, ndipo thumba langa ndi lobooka kale. Ndikuyenera kupereka Lachisanu likubwerali.