Thanki la malita 40, ndiyambe ndi nsomba zanji?

MayiWaAwiri

Moni nonse. Mwana wanga wamkulu wakhala akundivuta kuti akufuna nsomba zapanyumba, zija zoika mu thanki lagalasi zongoonerera osati zandiwo ayi, ndiye alamu anga atipatsa thanki lawo lakale la malita 40, lili ndi kafyuluta kosefa madzi ndi getsi pamwamba koma hita yotenthetsa madzi mulibe. Tili ku Lilongwe. Ndiyambe ndi nsomba zanji zosafa msanga? Ine sindidziwa kalikonse ndipo mwanayu akadzapeza ina itayandama chagada m'mawa kulira kwake sindingakuthe. Wogulitsa wina wandiuza kuti nditenge goldfish zitatu ndi ija yomata pagalasi kuti iziyeretsa. Bambo ake akuti bwanji tingopeza mbuna poti ndi zathu zomwe komanso kukongola palibe yoziposa. Nanga magetsi akathima zimatha bwanji?

Galasi_BT

Mayi, goldfish zija musatenge, wogulitsayo akufuna ndalama basi. Mushopu zimaoneka tating'ono koma zimakula kufika masentimita 15, zina kuposa 20, ndipo zimadya kwambiri n'kumachita chimbudzi chambiri, mu malita 40 madzi amaipa musanazindikire. Yomata pagalasi ija ndi pleco, nayo ya mtundu wamba imapitirira masentimita 30 ikakula, ndipo zoti imayeretsa thanki ndi bodza, imadya ndere inde koma nayonso imanya.

Popeza hita mulibe ine ndinganene kuti zebra danio, tija ta mizere ngati mbidzi. Kwawo ndi ku India ndi Bangladesh, timathera pa masentimita 4 kapena 5, timapirira madzi ozizirirako mpaka madigiri 18 osadandaula, ndiye June ndi July wa ku Lilongwe timadutsa bwinobwino bola thanki lili m'nyumba kutali ndi zenera. Mutenge 6, osati iwiri, chifukwa timakonda kuyenda pagulu ndipo tikachepa timayamba kuthamangitsana. Mukapeza white cloud minnow ndiye bwino kwambiri, tija tochokera kumapiri a kufupi ndi Guangzhou ku China, tokhala ndi kamchira kofiira, timeneto kuzizira ndiye kwawo, kungoti October akatentha kwambiri timavutikako. Mtundu umodzi wokha poyamba. Osasakaniza kuno kuwiri uko kuwiri.

Chivundikiro chisamachoke, danio amadumpha.

WakuNyanja

Nkhani ya mbuna ndiyankhe ine. Bambo sakunama, kukongola ndiye zokongoladi, azungu ku Germany ndi America amaziwetera m'mathanki akuluakulu ndipo ija yachikasu amaitcha yellow lab, Labidochromis caeruleus, kwawo ndi kuno kumbali ya Nkhata Bay. Koma mbuna ndi nsomba ya m'miyala, yamphongo iliyonse imagwira mwala wake n'kumalondera, ina ikangoyandikira ndewu basi. Mu thanki laling'ono yogonja ilibe kothawira, imangolumidwa zipsepse mpaka kufa. Anthu oweta mbuna amayambira malita 200 kupita m'mwamba, miyala yambiri yoti zizibisalamo, fyuluta yamphamvu, madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28 ngati m'nyanjamu. Malita 40 ayi ndithu.

Komanso pasapezeke wokuuzani kuti akakugwirirani ku Cape Maclear, paja pamenepo ndi Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zomwezi, ndipo 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa World Heritage, wa malo ofunika padziko lonse oyenera kutetezedwa. Mwanayo mukapite naye akazione zikusambira pamiyala, mbuna za m'nyumba mudzaziganizire akadzakula ndipo thanki lalikulu litapezeka.

Guppy_Area25

Ine ndisiyana pang'ono ndi a Galasi_BT. Danio ndi zolimba zoona koma zimathamanga kwambiri, zimafuna thanki lalitali, ngati lanulo ndi lija lalifupi loimirira zidzapanikizika. Ndipo kunena zoona kwa mwana sizokongola kwenikweni, mizere basi. Mwana amafuna mitundu, ndiye guppy. Yamphongo imakhala ndi chimchira chofiira, chabuluu, chachikasu, iliyonse yakeyake moti akhoza kuzipatsa mayina, komanso sizivuta kupeza chifukwa aliyense woweta amakhala nazo zochuluka zosowa kopita.

Chenjezo ndi lakuti guppy siikira mazira, imabereka tiana tamoyo, pafupifupi mwezi uliwonse, ulendo umodzi 20 kapena kuposa. Mukasakaniza zazimuna ndi zazikazi Khirisimasi isanafike thanki ladzaza. Ndipo ngakhale mutagula zazikazi zokhazokha zambiri zimabwera zili kale ndi bere. Tengani zazimuna zokha, 5 zakwana. Koma hita mugule, ya mawati 50 ikukwanira thanki limenelo, guppy kwawo ndi kotentha, Trinidad ndi Venezuela uko, madzi akatsika pansi pa madigiri 20 zimafooka kenako matenda a timadontho toyera pathupi amayamba.

Zikachuluka osakataya mu Lingadzi kapena mudamu chonde, si nsomba zakuno, perekani kwa anzanu.

MayiWaAwiri

Zikomo nonse, za mbuna ndawawerengera bambo ake angoti ooh. Ndayeza thanki ndi masentimita 50 mulitali. Ndiye Loweruka ndingothira madzi apampopi n'kuika nsombazo eti?

Galasi_BT

Ayi ayi mayi, Loweruka thirani madzi okha. Apa ndiye pamene nsomba zambiri zimafera, anthu n'kumati anagula zodwala pomwe vuto ndi thanki latsopano. Chimbudzi cha nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, ndi poizoni. Mu fyuluta mumayenera kumera kaye mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, nayonso ndi poizoni, kenako ena amaisandutsa nitrate imene nsomba zimapirira ndipo mumaichotsa posintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke zimatenga masabata 4 mpaka 6, fyuluta ikuyenda, inu mukuponyamo kachakudya pang'ono masiku ena ngakhale mulibe nsomba. Njira yachidule ndi kupempha kachidutswa ka siponji yakale yosachapa kuchokera mu fyuluta ya munthu amene thanki lake likuyenda bwino, muike mwanu isanaume. Mwanayo mupatseni ntchito yosanja miyala ndi kubzala zomera kuti asatope ndi kudikira.

Madzi apampopi ali ndi kilorini, amapha mabakiteriya omwewo ndi kuwotcha makha a nsomba. Gulani kabotolo ka mankhwala ochotsa kilorini, madontho ochepa pa ndowa. Sabata iliyonse chotsani ndowa imodzi ya malita 10 n'kubwezera ena, osakhuthula thanki lonse, sopo asayandikire, siponji muzichapira m'madzi omwe mwachotsawo osati pampopi. Ndowayo ikhale ya nsomba basi, isakhale yochapira zovala.

Masentimita 50 kwa danio ndi ochepadi, pamenepo a Guppy_Area25 anena zoona, ndiye white cloud ngati simugula hita, guppy ngati mugula.

Za magetsi, maola ochepa nsomba zochepa sizifa, n'chifukwa chake tikulimbikira zoti musadzaze. Akathima osazipatsa chakudya, tungani madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumathira kuchokera m'mwamba kangapo kuti mpweya ulowe, kukazizira fundikani thanki ndi bulangete. Kuli timapampu ta mpweya toyendera mabatire kapena USB, ka power bank kamayendetsa bwinobwino.

WakuNyanja

Chakudya chizikhala kwa inu mayi, pamwamba pa kabati. Ana amadyetsa nthawi iliyonse akadutsa chifukwa nsomba zimaoneka ngati zili ndi njala nthawi zonse. Kamodzi patsiku, kotsina ndi zala, kakathe pa mphindi ziwiri. Nsima ndi buledi ayi, agogo akabwera muwauziretu.