Mwana wapeza 1780 pa UCAT, timulangize masukulu ati?

Mphunzitsi wa Biology, Leeds:
Aphunzitsi anzanga ndi madokotala muli muno, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mtsikana wa Year 13, chaka chomaliza cha sekondale, amene akufuna udokotala. Pa UCAT, mayeso olowera ku sukulu za udokotala kuno ku UK, wapeza 1780, ndipo pa gawo la Situational Judgement ali mu Band 2 (ma Band ndi 1 mpaka 4, wapamwamba ndi 1). Ma GCSE ake ndi ma 9 ndi ma 8 okhaokha, magiredi apamwamba kwambiri kuno, ku A-level tikuyembekezera A*AA. Mtima wake uli pa Bristol ndi Newcastle, ndipo fomu ya UCAS yofunsira malo ku yunivesite itsekedwa pa 15 October. Ndimuuze chiyani?

Dokotala wa ana, Nottingham:
Aphunzitsi, muuzeni mosapita m'mbali kuti chaka chino malikisi ndi omwewo basi. UCAT amalemba kamodzi pachaka, zotsatira zake n'kugwira ntchito chaka chokhacho. Chatsala m'manja mwake ndi malo anayi a udokotala pa fomupo. Bristol ndi Newcastle achotseni. Ku Bristol amandandalika ana motsatira UCAT n'kudula mzere, ndipo wotsalira pansi saitanidwa ku intavyu ngakhale ma GCSE ake atawala bwanji; ku Newcastle nako UCAT ili ndi mbali yaikulu.

Mlangizi wa zamaphunziro, Glasgow:
Adokotala anena zoona, koma tisanafike pa mayina a masukulu, mapepala ake okhalira kuno ali bwanji? Ana ambiri akwathu anabwera ndi makolo a viza ya Health and Care. Ngati alibe ILR, chilolezo chokhala kuno mopanda malire a nthawi, kawirikawiri yunivesite imamuwerengera ngati wakunja, ngakhale sekondale yonse waphunzira konkuno. Zikatero fizi imakwera kwambiri, ngongole ya Student Finance sapatsidwa, ndipo malo a ana akunja ku England ali ndi malire, pafupifupi 7.5 pa 100 alionse. Ndi 1780 pamenepo khomo n'lopapatiza zedi.

Mphunzitsi wa Biology, Leeds:
ILR ali nayo, mayi, ndipo kuno wakhala kupitirira zaka 3.

Mlangizi wa zamaphunziro, Glasgow:
Basi nkhani yapepukako. Yambani ndi kupeza pomwe waima pakati pa anzake. A UCAT amatulutsa ziwerengero mu September zogawa olemba onse m'magulu khumi, ndipo masukulu ena amayang'ana gululo osati nambala. Apa anthu amasokonezeka ndi manambala akale a pa intaneti. Mpaka 2024 mayesowa ankathera pa 3600. Mu 2025 anachotsa gawo la Abstract Reasoning, ndiye tsopano amathera pa 2700. Mwana akaona kuti sukulu inadula mzere pa 2800 amangogwa ulesi, chonsecho n'sikelo yakale.

Kenako tsegulani mndandanda wa Medical Schools Council, bungwe la masukulu a udokotala, muwerenge mmene sukulu iliyonse imagwiritsira ntchito UCAT. Ena amandandalika, ngati Bristol. Ena amangoika malire apansi, wodutsa pamenepo n'kumuyeza ndi zina. Sunderland yakhala ikufuna kuti mwana asakhale m'magulu awiri otsiriza ndiponso asakhale Band 4. Ena amaphatikiza mapointi, monga Queen's ku Belfast, kumene mbali yaikulu imachokera ku GCSE. Mtsikana wanuyu malo ake ali m'mitundu iwiri yomalizayi. Band 2 yakeyo musaipeputse, poti masukulu angapo amakana Band 4 asanaone n'komwe china chilichonse.

Dokotala wa ana, Nottingham:
Pa Cardiff chenjerani. Anthu amaitchula msanga chifukwa imalemekeza GCSE, koma ana a ma 9 okhaokha amathamangira komweko, ndipo akachuluka amawasiyanitsa ndi UCAT yomweyo. Malamulowa amasinthanso chaka ndi chaka, choncho werengani tsamba la sukuluyo la chaka chino. Pa webusaiti ya WhatDoTheyKnow mupezapo mayankho a mayunivesite osonyeza malikisi otsikitsitsa a amene anaitanidwa ku intavyu. Onetsetsani kuti mukuwerenga mzere wa ana akuno, osati wa akunja.

Mphunzitsi wa Chemistry, Luton:
Mufunseninso ngati analandirapo chakudya chaulere kusukulu, kapena ngati adiresi yake ili m'dera lomwe ana ochepa amafika ku yunivesite. Oterewa masukulu ambiri amawatsitsira mzere, ena ali ndi kosi ya zaka 6 yoyamba ndi chaka chokonzekera. Malo achisanu pa fomu ya UCAS alembe Biomedical Science.

Dokotala wa ana, Nottingham:
Alembe, achimwene, koma asalowe ndi chiyembekezo chosamukira ku udokotala pakati pa kosi. Mipata imeneyo ndi yowerengeka pa zala, ndipo kulowa ndi digiri mpikisano wake ndi woopsa kuposa uno. Zikakanika chaka chino, kuli bwino akhoze A-level, apume chaka akugwira ntchito yosamalira odwala, alembenso UCAT.

Mlangizi wa zamaphunziro, Glasgow:
Akadzalembanso, muyang'ane gawo lomwe linamugwetsa. Nthawi zambiri ndi Verbal Reasoning: mafunso 44 m'mphindi 22, theka la mphindi funso limodzi. Ana anzeru amawerenga ndime yonse mofatsa, nthawi n'kutha mafunso khumi osakhudzidwa. Aziyamba ndi funso, n'kusaka yankho m'ndimemo. Yankho lolakwika sachotsera malikisi, ndiye asasiye funso lopanda yankho.

Mphunzitsi wa Biology, Leeds:
Ndi momwemo, mayi, Verbal ndiye yatsika, 520. Zikomo nonse. Lolemba ndikhala naye pansi pamodzi ndi makolo ake, tiwerengere mapointi a Belfast ndi kuona za adiresi ija.